Wosunga Mawu ndi Mlamu Wake

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yosunga mawu. Tsekani kaye malaputopuwo, madisiki sathawa. Musanafomate kanthu m'kalasi muno, ndikufuna mumve za munthu ameneyu.

Ankagwira ntchito ku wailesi ina yaing'ono, ija imangomveka m'maboma atatu okha. Iye sankalankhula pa wailesi, ayi. Omvera sankamudziwa ndi dzina lomwe. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo, kozizira, kopanda zenera, momwe munali makina osungira zonse zimene wailesiyo inaulutsapo: nyimbo za makwaya, maphunziro a ulimi, mafuno abwino, mauthenga a maliro. Tsiku lililonse linkajambulidwa lathunthu, kuyambira nyimbo yotsegulira mpaka yotsekera, n'kusungidwa.

Makina osungira oterowo timati seva. Maseva a wailesiyo anali atatu, m'maboma atatu aja, olumikizana pa netiweki. Fayilo ikalowa, inkalembedwa konse kutatu, ndipo situdiyo sinkatha kuiulutsa mpaka maseva onse atavomera kuti alandira. Anakonza choncho dala, kuti kwina kukapsa kwina kutsale. Koma mwaona kale vuto lake. Mmodzi akamachedwa, onse achedwa.

Munthuyu anali ndi mkazi, Nankhoma. Ameneyo ndiye ankadziwika. Ankawerenga mauthenga a maliro masana alionse, ndipo ankawerenga modekha, dzina lililonse kulitchula bwinobwino ngati mwini wakeyo ankamudziwa. Mlongo wake wamkulu wa Nankhoma, a Yotamu, ndi amene ankayang'anira seva yachiwiri, kwawo ku Dedza. Awiriwa anadziwana kudzera mwa a Yotamuwo.

Tsopano tcherani khutu, pakuti nkhani yagona apa.

M'seva ya munthu uja munali madisiki asanu ndi imodzi, omangidwa pamodzi kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Fayilo ikabwera imadulidwa tizidutswa. Kachidutswa ku disiki iyi, kena ku iyo, mpaka mzere utakwana, kenaka mzere wina. Zili ngati anthu otsitsa njerwa mu lole: uyu yake, uyu yake, lole n'kutha msanga. Koma mwa asanu ndi mmodziwo, onyamula ndi asanu okha. Wotsalayo ndi mboni. Mboni sinyamula katundu. Imangosunga umboni wa zimene anzake anyamula, kuti wina akagwa, katundu wake adziwike n'kubwezeretsedwa.

Tsiku lofomata, lija lokonza madisiki kuti ayambe kulandira katundu, makina amakufunsa kuti onyamula ndi angati. Zimene uyankhe tsiku limenelo, amayala nazo chilichonse chobwera m'tsogolo. Safunsanso kachiwiri.

Tsiku limene munthu uja ankafomata seva yake, anali asanakwatire. Linali tsiku lomwelo loti akaonekere koyamba kwa amalume ake a Nankhoma. Iye ali pa kiyibodi, jekete yobwereka ili pampando, Nankhoma waima pakhomo chikwama m'manja.

"Inu, minibasi itisiya. Kapena mukwatira madisiki anuwo?"

Munthu uja anayang'ana seva, nawerenga timagetsi toyaka ndi chala. Tinali tisanu ndi kamodzi. Analemba sikisi, nadina batani, natola jekete, ulendo. Anawerengera mboni m'gulu la onyamula. Paja amati fulumira adadya gaga. Koma ine sindimuweruza kwenikweni. Mukanamuona Nankhoma ataima pakhomo paja, nanunso mukanalemba sikisi.

Ndiye katundu aliyense ankadulidwa kuti akwanire anthu asanu ndi mmodzi, pomwe onyamula ali asanu. Kachidutswa kotsala kankagwera mu mzere wotsatira. Kuti makina akalembe kameneko, ankayenera kubwerera, kuwerenga zimene zili mu mzerewo, kufunsanso mboni, kukonza umboni, n'kulembanso. Ntchito imodzi, maulendo awiri. Seva ili yopanda kanthu, palibe anazindikira. Inkangotsimphina pang'ono. Mwini wake anadzazindikira patapita nthawi, naseka yekha, nati ndidzakonza. Ndidzakonza ameneyo mukumudziwa, ena a inu amakhala kwanu.

Zaka zinapita. Anakwatirana, nakhala bwino. Ana Mulungu sanawapatse, koma m'nyumba mwawo munkamveka kuseka. Kenaka Nankhoma anadwala, ndipo matendawo sanachedwe naye. Uthenga wa maliro ake anawerenga ndi munthu wina, ndipo analakwitsa dzina la mudzi.

Anakamuika kwawo. Kumeneko awiriwa anali atamanga kanyumba ka zidina, kofolera udzu, kofikiramo pa tchuthi. Inu okulira m'tauni mwina simudziwa. Kwawo kwa Nankhoma, munthu akamwalira, pa tsiku lometa amagwetsa nyumba yake. Ndi mwambo, ndipo woyamba kuikhudza ndi mwini mbumba. A Yotamu anakwera padenga, nasolola udzu woyamba. Amuna ena anakankha khoma. Munthu uja anaima poteropo, akuona khoma limene mkazi wake anazira ndi manja ake likugwa, fumbi koboo. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anakuwa pamaso pa anthu onse:

"Mwamupha kachiwiri!"

Anatola chikwama chake, osatsanzika. Akuchikazi atamuitana pambuyo pake kuti akamusudzule, monga achitira ndi mkamwini woferedwa kuti amasuke, sanapite. Kuyambira pamenepo maseva awo ankalankhulana usana ndi usiku, eni ake osapatsana ndi moni womwe.

Munthu uja anabwerera ku kachipinda kake. Nthawi ya nkhomaliro, anzake akapita kukadya, iye ankatseka chitseko, kuvala mahedifoni, n'kutsegula tsiku limodzi lakale. Ankamvetsera kufunafuna mkazi wake. Akamupeza, ankabweza pang'ono n'kumvanso.

Ndaliona dzanjalo kumbuyoko. Ukufuna kufunsa kuti bwanji sanangokopera mawuwo pa fulashi. Tsitsa dzanja, ndikuyankha. Nankhoma sanali m'fayilo imodzi. Anali womwazika m'masiku onse a zaka zonse zija, pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Pena wakhosomola. Pena waseka asanatseke maikolofoni. Pena wapereka moni kwa "wina wake amene ali kuseri kwa khomali, amene waiwala chakudya chake patebulo kunyumba." Palibe analemba kuti ali pati. Kuti umusunge yense, usunge zonse, ndipo pa wailesi ponse panalibe malo ena okwana zonsezo. Zimene anali atamva kale anakopera ndithu. Koma mtima wake unali pa zimene anali asanamve, ndipo anali asanafike ndi theka lomwe.

Seva inkadzaza, ndipo kutsimphina kuja kunakula. Atolankhani akasunga fayilo, ankapita kukamwa tiyi, kubwerako n'kupeza ikanayendabe. Anayamba kumuseka, kenaka anasiya kuseka.

Iye anachita zonse zimene munthu wodziwa ntchito angachite. Anasintha mawaya. Anawonjezera memole, ija yothandiza makina kuganiza msanga. Anauza makina kuti aziwerengeratu zam'tsogolo asanafunsidwe. Anapukuta fumbi, nasintha mafani. Anapeza ndi njira youzira makina kuti zatsopano aziyala powerengera asanu, koma zakale zinakhalabe chopingasa, ndipo zatsopanozo zinkagwera m'mipata yokhota yomweyo. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndidzakuphunzitsani. Koma iye ankakanda pamene sipankayabwa. Mankhwala enieni ankawadziwa: kufufuta zonse, kufomatanso, kulemba faifi, n'kulola maseva enawo abweze zimene asunga.

Mayi woyang'anira wailesiyo ankamufunsa mwaulemu, pakuti ankadziwa za chisoni chake.

"Bambo, vuto n'chiyani kodi?"

"Ndikuliona, mayi."

Kuliona ankalionadi. Mutu wake unkadziwa kuti makope alipo atatu, kuti kufufuta limodzi si kutaya kanthu. Koma akaika dzanja pa kiyibodi, dzanjalo linkakana. Musaseke. Mutu umaphunzira m'kalasi, dzanja limamvera mtima.

Dzinja lina mphenzi inagwera seva yachitatu, yonse psiti. Akuluakulu anati zipangizo zatsopano zibwera. Kaya ndikufotokozereni za "zibwera" wa kuno? Ndiye makope anatsala awiri, lake ndi la a Yotamu. Akafufuta lake, mawu onse a Nankhoma atsala m'manja mwa munthu mmodzi, yemwe uja anasolola udzu padenga. Ndipo mvula inali isanathe, mphenzi zikanali kung'anima. Munthu uja anati basi, tsopano ndiye sindikhudza n'komwe. Anamva ngati wapeza chifukwa chomveka, ndipo mumtima anakondwera nacho.

Tsiku lina masana kunabwera mayi wina wachikulire, wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anamva pa wailesi kuti mng'ono wake wamwalira. Ananyamuka nthawi yomweyo, koma atafika anapeza manda atakwirira kale, anthu atabalalika. Uthengawo unajambulidwa nthawi yabwino ku ofesi ina ya wailesiyo, koma fayilo inatsakamira pamzere kudikira seva yotsimphina ija. Nthawi ya mauthenga inadutsa, ndipo unaulutsidwa mawa lake. Musandiuze za mafoni. Kwawo kwa mayiyo netiweki amaipezera pamwamba pa chulu, ndipo iwo foni analibe.

Sanakalipe. Anakhala pa benchi la m'khonde, nafunsa mayi woyang'anira uja mofatsa.

"Sindinabwere ndi mlandu, mwana wanga. Ndimangofuna kudziwa. Kale kunali mayi uja wowerenga bwino uja. Nthawi yake uthenga sunkachedwa. Anapita kuti?"

Munthu uja anamva ali pakhomo pa kachipinda kake. Anachita manyazi, anamvanso chisoni chachikulu. Anaona kuti pofumbatira mawu a mkazi wake, akuwononga ntchito imene mkaziyo ankaikonda, ndipo mayi wosalakwa sanaone nkhope ya mng'ono wake chifukwa cha iye.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Dedza.

Apa lembani, pakuti ndi lamulo la ntchito yathu. Sufufuta kope lako usanaone linalo ndi maso ako. Makina akakuuza kuti zonse zili bwino kumeneko, athokoze, koma pita ukaone. Munthu uja ankalidziwa lamuloli. N'chifukwa chake anazengereza nthawi yonseyi, pakuti kukaona kope kunali kukaona mlamu.

Seva ya ku Dedza inali m'kanyumba kamalata, patsinde pa mlongoti wa wailesi, paphiri. Kunali nkhungu ndi kamphepo kolasa. Anapeza a Yotamu atakhala panja akulumikiza waya. Imvi zinali zitachuluka. Anadzutsa mutu, namuona, naika waya pansi.

"Alamu."

"Alamu."

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu kuno."

A Yotamu analowa, natuluka ndi mpando, nathira tiyi wa m'fulasiki. Anamwa. Kapu itatha, munthu uja analankhula akuyang'ana pansi.

"Ndikufuna kufomata seva ya kwathu."

A Yotamu anaika kapu pansi.

"Mukufuna kugwetsa nyumba."

"Eya."

"Ndiye mwabwera kudzaona ngati ndamusunga bwino mlongo wanga."

"Ndabwera kudzaona. Ndabweranso kudzapempha."

Analowa m'kanyumbamo. Munali mosesa bwino. Seva inali pamwamba pa njerwa kuti chinyezi chisaifike, mabatire ali pambali, mawaya omanga bwino. Anakhala pansi onse awiri, nauza makina kuti afananize makope. Fayilo iliyonse ili ndi chidindo chake cha manambala, ndipo ikasintha ngakhale pang'ono chidindocho chimasintha. Ndiye zidindo za ku Dedza zinayamba kukumana ndi za kwawo kwa munthu uja, chimodzichimodzi. Ndi ntchito yaitali, ndipo palibe chochita koma kudikira.

Manambala akutsika pa sikirini, a Yotamu analankhula osatembenuka.

"Tsiku lija ndinakwera padenga chifukwa ndikanapanda kukwera ine, akanakwera munthu amene sanamuberekepo kumbuyo. Ine ndinamubereka, amayi akapita kumunda. Inu munandiona msana wokha. Nkhope simunaione."

Munthu uja anati:

"Ndinalankhula moipa, alamu."

"Munalankhula ngati mwamuna wake."

Pomaliza makina anati zonse zafanana. Panalibe tsiku ndi limodzi lomwe losowa.

Atabwerera, munthu uja anafotokozera mayi woyang'anira uja zonse, kuyambira sikisi uja. Anagwirizana kuti m'masiku okonzawo, mauthenga a maliro aziwerengedwa pomwepo pa maikolofoni, osadikira fayilo. Kenaka anachotsa seva yake pagulu, nakhala pa mpando wake. Ulendo uno sanawerenge timagetsi. Anawerenga onyamula okha, nalemba faifi. Anakulitsanso tizidutswa tija, pakuti mafayilo a mawu ndi aakulu, ndipo katundu wamkulu sumudula ngati anyezi.

Makina anafunsa funso lawo lomaliza: zonse zifufutika, mukutsimikiza?

Dzanja linakananso. Chala chinaima m'mwamba. Anaganiza za mphenzi. Anaganiza za masiku onse amene anali asanamve. Kenaka anatola foni.

"Alamu, muli naye?"

"Ndili naye."

"Yense?"

"Yense. Gwetsani."

Anadina.

Abale inu, kufufuta sikuchedwa. Zaka zonse zija zinatha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi. Timagetsi tinaphethira pamodzi, kenaka zii. Munthu uja analira monga sanalirire kumanda. A Yotamu sanadule foni. Kupuma kwawo kunkamveka mbali inayo mpaka kulirako kutatha.

Tsopano seva ya ku Dedza inayamba kubweza zimene inasunga. Netiweki ya pakati pawo inali yopyapyala, ndipo katundu anali wambiri. Zinkabwera pang'onopang'ono, kuyambira zaka zoyambirira, ndipo zinkayalika bwino, mzere ndi mzere, popanda kachidutswa kogwera kwina. Koma zinatenga masiku.

Nthawi ya nkhomaliro munthu uja analibenso choti amvere. Anakhala pang'ono m'kachipindamo, mahedifoni m'manja, kenaka anatuluka n'kukadya ndi anzake. Anamusunthira pa benchi, osamufunsa kanthu.

Tsiku ndi tsiku ankaimbira ku Dedza. Poyamba zinali zakuti, "Zikuyenda?" "Zikuyenda." Basi. Kenaka zinafika pa mvula, pa mbatata ya kachewere, pa ana a a Yotamu amene anali atakula iye osawaona. Tsiku lina a Yotamu anamuuza kuti Nankhoma ali mwana ankaima pa mtondo wogadabuza, chitsononkho pakamwa, kulengeza maliro a nkhuku zofa ndi chitopa, kutchula ndi abale a nkhukuzo omwe. Munthu uja anaseka mpaka misozi. Anakhala ndi mkaziyo zaka zonsezo, koma nkhani imeneyo sanaimvepo, ndipo munalibe m'seva iliyonse.

Ntchito yobwezayo itafika chapakati, tsiku lina masana manambala anaima. Anaimba ku Dedza, foni yosapezeka. Anaimbanso, yosapezeka. Atolankhani anati kumeneko kukugwa mvula yamkuntho, mabingu okhaokha. Munthu uja anatuluka panja, nayang'ana kumene kuli Dedza, ngati angaone kanthu. Kumwamba kunali bii. Theka la mkazi wake linali litafika, theka linali paphiri patsinde pa mlongoti wachitsulo. Panalibe waya woti asinthe, panalibe batani loti adine. Anachita mantha kwambiri. Anabwerera, nakhala pampando, manja pamiyendo, nadikira. M'moyo wake wonse wa ntchito, aka kanali koyamba kuti asakhale ndi chogwira.

Dzuwa litapendeka foni inalira.

"Alamu, pepani, kunalibe netiweki. Nditaona mitambo ndinazimitsa seva, ndinazula mawaya onse ochokera ku mlongoti. Denga linayamba kudontha, ndiye ndinamufunditsa pulasitiki, ine n'kukhala pomwepo. Ali bwino. Ndanyowa ndine."

Munthu uja anangoti zikomo, zikomo, mobwerezabwereza. Posakhalitsa manambala anayambanso kuyenda.

Tsiku linafika, fayilo yomaliza inalowa. Anafananiza zidindo, zonse zinagwirizana. Anabwezera seva yake pagulu. Ha! Inkathamanga ngati yatsopano, madisiki omwe aja, mawaya omwe aja. Atolankhani anasiya kumwa tiyi wodikirira. Mauthenga a maliro anayamba kufika nthawi yake.

Koma munthu wodziwa ntchito amayang'anabe. Anaona kuti fayilo ikalowa, seva yake imavomera msanga, kenaka pamakhala kakudikira. Kakang'ono, koma kalipo. Asanaganize zoti anene, foni inalira.

"Alamu, yanu ikuthamanga tsopano."

"Ikuthamanga."

"Ndiye mwamuona amene akutsimphina?"

"Ndamuona."

"Pamene ndinkafomata kuno, ndinakuimbirani kufunsa kuti munalemba zingati. Munati sikisi."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu akuluakulu ogwidwa ndi cholakwa chimodzi. Kusekako kutatha, mawu a a Yotamu anatsika.

"Ndinazindikira kalekale. Nanenso ndimamvera mawu ake, alamu, anthu akapita. Ndinkafuna kukonza, koma ndikanapempha ndani?"

Munthu uja nthawi yonseyi ankayesa kuti wolira ndi iye yekha.

"Ndisungireni mlongo wanga," anatero a Yotamu.

"Bwerani mudzaone kaye ndi maso anu."

"Sindikukukayikirani."

"Ndikudziwa. Bweranibe. Mugona kwathu."

A Yotamu anabwera, naona, nagona kwa mlamu wawo, nabwerera kuphiri. Ndipo masana ena foni inalira m'kachipinda kozizira kaja. Anali a Yotamu, chala chili pa batani lofufutira seva yawo.

"Alamu, muli naye?"

Munthu uja anaika dzanja pa seva yake. Inali yofunda.

"Ndili naye," anatero. "Yense."

Tsopano inu. Mukamafomata, werengani onyamula okha, mboni muisiye pambali. Mukalakwitsa, musataye zaka mukusintha mawaya. Izi zidzabwera pamayeso, ndipo wolakwa ndidzamudula mamalikisi popanda chisoni.

Koma sindinakuimitseni ntchito chifukwa cha faifi ndi sikisi. Ndikuona nkhope zanu tsiku ndi tsiku. Wina muno ali ndi chimene wachifumbatira yekha, ndipo chikumuchedwetsa, chikuchedwetsanso onse amene amadikira iye. Akuopa kutambasula dzanja chifukwa akuyesa kuti kope ndi lake lokha. Si lako lokha, mnzanga. Amene unamukonda anakondedwanso ndi ena, ndipo ali nazo zimene iwe ulibe. Maliro n'kulirana. Pita kwa amene ali ndi kope linalo, ngakhale munasiyana moipa. Pita. Mwina nayenso watopa kusunga yekha.